Yankho Limene Ndinam'patsa Mkazi Wanga

Lolemba, 3 Malichi

Andigoneka. Wodi ya amuna, bedi 5, pafupi ndi zenera losatsekeka bwino. Kope ili ndi lija ndimalembamo masikelo amene anthu abweretsa kudzakonzetsa. Masamba akumbuyo anali opanda kanthu, ndiye ndayambira kumbuyoko. Ndizilemba zimene madokotala akunena, chifukwa amalankhula mothamanga ndipo mawa amanena zina.

Vuto: miyezi inayi ndikutaya magazi ndikapita kuchimbudzi, thupi likutha. Lero anditenga magazi timabotolo titatu. Kuthamanga kwa magazi 150 pa 95. Kulemera makilo 61, malinga ndi sikelo yawo. Ikunama. Ndakonza masikelo zaka makumi atatu ndi zisanu popanda wondiphunzitsa, ndipo sikelo yabodza ndimaidziwa ndikangopondapo. Muvi wake sukuyambira pa ziro. Ndamuuza namwino, wangoti "chabwino bambo" ngati akuyankha mwana.

Pa fomu pali malo olemba chipembedzo. Ndinati namwino alembe kuti palibe. Anandiyang'ana. Ndinati, "Mwamva bwino. Palibe."

Wandibweretsa ndi mwana wanga wamkazi, yekhayo amene ndili naye. Wayala zofunda, waika kapu ndi supuni m'kabati, wapita. Pambali pa bedi pali mpando wachitsulo. Sanakhalepo.

Lachiwiri, 4 Malichi

Amatidzutsa kusanache bwino, kupima kutentha kwa thupi, mankhwala, kenako tiyi ndi buledi. Madokotala amazungulira cha m'ma 9. Adokotala aatali, amene ndi akuluakulu a enawo, akuti magazi anga ali pa 7, ndipo sangandichite opaleshoni iliyonse asanafike pa 10. Lachinayi andilowetsa kamera m'matumbo.

Tilimo asanu ndi mmodzi. Bedi 1, Aphunzitsi, shuga wawadya phazi. Bedi 2, Abucha, chiwindi, maso achikasu. Bedi 3, Amlonda, chibayo. Bedi 4, nkhalamba yosalankhula, yopanda wodzaiona. Bedi 6, kudzanja langa lamanja, Adalaivala, amene anayendetsa mabasi a maulendo ataliatali mpaka mtima unatopa. Miyendo yawo yatupa ngati mitsamiro. Amawapima kulemera m'mawa uliwonse kuti aone ngati madzi akuchoka m'thupi. Pa sikelo yabodza ija.

Adalaivala atamva ntchito yanga anditcha a Sikelo. Wodi yonse yatengera.

Masana kunabwera amayi atatu opemphera bedi ndi bedi. Bedi 4 analidumpha poti nkhalamba inali m'tulo. Atafika panga ndinati apitirire. Mmodzi anati, "Kodi mphepo mumaiona, bambo? Koma ilipo." Ndinamuuza kuti mphepo ndimatha kuipima, ndipo ndikam'patsa chubu cha njinga chopopa ndi chosapopa, sikelo yabwino imusonyeza kusiyana kwake. Abweretse Mulungu wake timuike pamenepo. Anachoka. Abucha anaseka mpaka kukhosomola. Adalaivala sanaseke, sanakwiyenso. Anangoti, "A Sikelo, nthochi mudya?"

Lachitatu, 5 Malichi

Thumba loyamba la magazi. Maola anayi, mkono wachita dzanzi.

Ndilembe apa chifukwa chimene mwana wanga sakhalira pampando, kuti ndikafa wina asadzanene kuti anali mwana wamwano. Si wamwano.

Amayi ake anamwalira zaka ziwiri zapitazo, kunyumba, atadwala nthawi yaitali. Anali munthu wa kutchalitchi, ine ayi, ndipo tinakhala choncho zaka zonse, iye kupita, ine kutsala pabenchi langa lokonzera masikelo. Kutatsala masiku awiri anandigwira dzanja n'kufunsa, "Bambo ake, kodi tidzaonananso?" Ine sindinam'namizepo mkazi wanga ngakhale kamodzi. Ndinati, "Ayi. Munthu akafa watha." Anasiya dzanja langa n'kutembenukira kukhoma. Mwana anali pakhomo ndi beseni, anamva zonse.

Chiyambireni amandiphikira, amandichapira, amandiyankha mwaulemu, koma sakhala pansi pamene pali ine ndipo sadya nane. Lero wabwera ndi mpunga ndi msuzi wa nkhuku, n'kundiuza ali chilili kuti wapeza ntchito kutali, kumene kuli azakhali ake. Akudikira kuti ndituluke muno basi. Ndinafunsa kuti azibwera liti kudzandiona. Anati, "Ndizitumiza munthu."

Ndinati chabwino. Ndinanena zoona tsiku lija, ndipo zoona sindingazipepesere.

Lachinayi, 6 Malichi

Kamera. Dzulo madzulo anandimwetsa madzi amchere malita atatu, zotsatira zake sindilemba. Apeza chotupa kumanzere kwa matumbo aakulu. Adulako kanyama kuti akakapime, yankho ndi masiku asanu. Thumba lachiwiri la magazi.

Lachisanu, 7 Malichi

Magazi afika pa 8.6.

Ndakonza sikelo. Ndinadikira kuti asisitala aakulu, amene amalamulira anamwino onse, apite ku tiyi. Ndinaitembenuza, ndi chogwirira cha supuni ndinamasula chivindikiro. Sipulingi imodzi inali itachoka pangowe yake, fumbi lodzaza. Ndinayesa ndi mabotolo a madzi a lita imodzi imodzi, chifukwa lita ya madzi ndi kilo. Inkawonjezera makilo awiri kwa munthu wopepuka, pafupifupi anayi kwa wolemera. Asisitala anandipeza ndili pansi, anakalipa, ine ndinakalipanso. Kenako anapondapo okha n'kunena kuti, "Ndiye kuti sindinanenepe." Nkhani inathera pomwepo.

Ndikulemera 59. Adalaivala 88, osati 92.

Ndayamba muyeso wanga. Poti aliyense muno akuti pemphero limachiza, ndajambula mizere patsamba lomaliza. Kumanzere opemphereredwa: bedi 1, 2, 3, 6. Kumanja amene palibe wowapempherera: nkhalamba ya bedi 4, ndi ine. Tsiku lililonse ndizilemba amene akupeza bwino ndi amene akutsika. Anthu asanu ndi mmodzi ndi ochepa, ndikudziwa, koma mabedi amasintha eni. Ndikadzatuluka ndidzamuonetsa mwana wanga kuti aone kuti sindinalankhule za m'mutu.

Loweruka, 8 Malichi

Adalaivala andiwonongera muyeso.

Anandiona ndikulemba, anafunsa, ndinawauza mosabisa. Anapempha kuona tsambalo. Analiyang'ana nthawi yaitali, magalasi ali pansonga ya mphuno, n'kunena kuti, "Mzere wakumanjawu ndi wabodza, a Sikelo. Awiri inu ndimakutchulani m'mawa uliwonse."

Ndinafunsa kuti anawaloleza ndani. Anati palibe, monganso palibe amene anandiloleza ine kuwalemba m'kope.

Ndinapsa mtima, ndinawauza kuti ngati pemphero lawo ndi lamphamvu ayambe achotsa madzi m'miyendo yawoyo. Anati iwo sapempha zimenezo. Akuti pa basi, akaima panjira kuti anthu atsike akadye, asananyamuke ankayenda kuchokera kutsogolo mpaka kumbuyo kuwerenga anthu, kuopa kusiya wina. Zaka zonsezo anasiyapo munthu kamodzi kokha, mayi wina, ndipo mpaka lero zimawawawa. "Ndiye m'mawa ndimangowerenga anthu anga. Ndimati awa alipo, awa alipo, musawasiye. Basi."

"Mumauza ndani?"

"Mwini basi."

"Amayankha?"

"Sanayankhepo ndi mawu."

"Nanga mukudziwa bwanji kuti aliko?"

"Sindikudziwa, achimwene. Ndimakhulupirira. Masiku ena ndimawerenga ndili ndi chikaiko ngati inu nomwe."

Ndakangana ndi anthu opemphera moyo wanga wonse. Uyu ndi woyamba kunena kuti sakudziwa.

Lamlungu, 9 Malichi

Palibe madokotala. Wodi yadzaza alendo ndi nyimbo. Amlonda atuluka, akuyenda okha. Akazi awo akuti ndi Mulungu. Ine ndikuti ndi jakisoni wa masiku asanu ndi awiri. Pabedi 3 pabwera Amakanika, impso.

Mwana wanga wabwera ndi mazira owiritsa. Anapatsa moni Adalaivala mogwada pang'ono, monga anam'phunzitsira amayi ake. Iwo anati, "Khalani pansi, mayi, mpando ndi waulere." Anati akufulumira.

Atapita, Adalaivala anafunsa kuti ndinamulakwira chiyani. Sindikudziwa chimene chinandichititsa, koma ndinawauza zonse. Ndinkayembekeza ulaliki, ndinali nditakonzeka. Anangofunsa kuti, "Munadziwa bwanji?"

Ndinati aliyense woganiza amadziwa.

Anati, "Ayi, ndikufunsa inuyo. Dzana simunakhulupirire sikelo ya asisitala mpaka munaitsegula. Zijazi munatsegula pati?"

Ndinakoka katani pakati pathu.

Lolemba, 10 Malichi

Magazi 9.4. Thumba lachitatu. Katani ikadali yokoka. Sindinalankhule ndi munthu.

Adalaivala 90. Madzi akuwonjezeka. Awawonjezera jakisoni wokodzetsa.

Lachiwiri, 11 Malichi

Yankho labwera. Ndi khansa. Adokotala aatali anakhala m'mphepete mwa bedi n'kujambula matumbo papepala. Sikani, chithunzi cha m'kati mwa mimba, ikusonyeza kuti chotupacho sichinafalikire kuchiwindi. Adula chigawo chotalika ngati chikhatho changa n'kulumikiza. Opaleshoni Lolemba likubwerali. Ndinafunsa kuti mwa anthu zana a msinkhu wanga ndi angati sadzuka. Anati atatu kapena anayi. Ndinawathokoza chifukwa chonena nambala.

M'mawa ndili pasikelo namwino anandiika mapiritsi awiri m'dzanja. Muvi sunagwedezeke. Ndinawameza, sunagwedezeke. Palibe chachilendo, sikelo ya anthu simva chinthu chochepera theka la kilo. Koma zandikhala m'mutu tsiku lonse. Dzanja lokhala ndi mapiritsi ndi dzanja lopanda kanthu, sikelo iyi imanena chimodzimodzi. Izi sizikusonyeza kuti Mulungu aliko, ndipo amene angandiuze choncho ndimuthamangitsa. Dzanja likhoza kukhaladi lopanda kanthu. Koma wobweretsa sikelo kwanga akandifunsa kulemera kwa chinthu chimene sikelo yanga singamve, sindimuuza kuti ziro. Ndimamuuza kuti pano sindingapime. Ndachotsapo ntchito munthu chifukwa cholemba ziro pamalo otere.

Ndatsegula katani. Adalaivala anati, "Mwabwerako ku ulendo?"

Lachitatu, 12 Malichi

Adalaivala 91. Awaika mpweya wa m'mphuno. Akulankhula mawu atatu n'kupuma.

M'mawa anandiitana. Akuti mutu sukugwira, ayamba kuwerenga anthu awo kawiri konse n'kusokonezeka pakati. "Inu muli nawo m'kope. Ndiwerengereni."

Ndinati tsamba limenelo ndinalemba kuti nditsutse pemphero. Anati mayina ndi omwewo.

Ndinati ine ndingowerenga, sindikupemphera ayi. Anati, "Kondakitala amawerenga. Kolowera amadziwa ndi wina."

Ndinawerenga. Bedi 1, Aphunzitsi. Anandiimitsa, akuti ndiwonjezere kuti Aphunzitsiwo akuopa kuuza akazi awo za phazi. Bedi 2, Abucha, amene m'bale wawo sanabwere. Bedi 3, Amakanika. Bedi 4 ndinati nkhalamba. Anati ayi, amenewo ndi Atelala, ana awo sakudziwa kuti ali kuno. Ndinadabwa kuti adziwa bwanji poti munthuyo salankhula. Akuti amalankhula ukawafunsa katatu. Ine ndagona moyandikana nawo masiku asanu ndi anayi, ndikuwalemba m'kope tsiku ndi tsiku, osawafunsa ngakhale kamodzi.

Bedi 5 ndinadumpha. Anati, "Mwasiya munthu."

Ndinati, "A Sikelo."

Anawonjezera kuti, "Ndi mwana wawo amene amaima."

Ndinanena. Iwo anamaliza okha ndi mawu aja akuti musawasiye.

Lachinayi, 13 Malichi

Magazi 10.2. Apima mtima ndi mapapo, akuti zili bwino. Ndawerenganso. Ndawafunsa Atelala katatu, andiuza kumene kuli mwana wawo wamkulu. Ndapereka kwa asisitala.

Lachisanu, 14 Malichi

Tsiku loipa.

Mwana wanga anabwera m'mamawa, asanapite kukagula zina za ulendo wake, n'kundipeza ndikuwerenga. Sindinamuone. Nditamaliza ndinatembenuka, ali kumiyendo kwa bedi ndi fulasiki m'manja.

Ndinafulumira kunena kuti asaganize kuti ndatembenuka mtima, ndikungothandiza wodwala mnzanga. Ndinkaganiza kuti ndikunena zoona monga mwa nthawi zonse.

Sanakweze mawu. Anati, "Ndikudziwa, bambo. Ndiye chimene chikundiwawa n'chomwecho. Munthu amene mwam'dziwa sabata yatha, mwatha kumuwerengera tsamba lonse osakhulupirira. Amayi anakhala nanu zaka makumi atatu. Anapempha mawu amodzi."

Ndinati amayi ake anafunsa funso, ndipo funso limafuna yankho loona.

Anati, "Anali ndi mantha. Inu munamva funso."

Anaika fulasiki pakabati n'kutuluka. Wodi yonse inamva. Abucha, amene pakamwa pawo sipatseka, anayang'ana kudenga.

Loweruka, 15 Malichi

Sanabwere. Watumiza chakudya ndi mayi woyandikana nafe nyumba.

Adalaivala sanathe kuima pasikelo. Ndawerenga, amangogwedeza mutu pa dzina lililonse.

Lamlungu, 16 Malichi

Adalaivala amwalira lero cha m'ma 10 m'mawa, akazi awo ali pomwepo. Ndinali nditawerenga 7 koloko. Pa bedi 6 anatsegula maso, ndinati, "Adalaivala, amene anawerenga anthu awo onse." Mawu omaliza aja sanathe kunena. Aphunzitsi anawanenera kuchokera pabedi 1.

Anamwino anakoka makatani onse. Atatsegula, bedi linali loyalidwa kale.

Ndinatenga kope kuti ndilembe zotsatira. Malinga ndi mizere yanga: wopemphereredwa kuposa onse, wamwalira. Masiku khumi apitawo ndikanalemba mokondwa. Koma munthuyo sanapemphe kuchira. Anapempha kuti asasiyidwe, ndipo ngati wasiyidwa kapena ayi, ine ndilibe chopimira. Malowo ndawasiya osalemba.

Masana mwana wanga anabwera, chifukwa pafunika wachibale wosaina pepala la opaleshoni. Anasaina chilili. Atatenga chikwama ndinati adikire.

Ndinamuuza kuti sindinapeze Mulungu muno, ndipo sindimunamiza kuti ndam'peza. Zambiri zimene amalalikira anthu ndikuzikanabe. Koma yankho limene ndinapatsa amayi ake linali labodza. Anandiyang'ana kwa nthawi yoyamba. Ndinati, "Ndinanena kuti ayi ngati ndapima. Sindinapime. Zoona zake zinali zakuti sindikudziwa. Ndikanati sindikudziwa, koma ndikufuna zitatero. Zonsezo zikanakhala zoona, ndipo ndinali nazo pakamwa. Ndinasankha mawu amene anandichititsa kuoneka wolimba."

Anati, "Mukuuza ine. Amene anafunsa palibe."

Ndinati ndikudziwa. Chimenecho sindingakonze.

Anati mawa abwera 6 koloko. Anapita.

Kuyambira pano osadya kanthu. Madzi amchere aja abweranso. Ndaitana namwino wa tsiku loyamba uja kuti afufute mawu akuti palibe pa fomu yanga. Anafunsa mosangalala kuti alembe mpingo uti. Ndinati asafulumire, asiye popanda kanthu.

Lolemba, 17 Malichi

M'mawa. Andiveka chovala chotsegula kumbuyo. Diripi ali kudzanja lamanzere. Kuthamanga kwa magazi 160 pa 100, akuti ndi mantha. Ndi mantha.

Abucha afunsa kuti lero awerenga ndani. Ndawerenga ine. Pabedi 6 pabwera munthu watsopano, sindinam'dziwe, ndangoti "amene abwera kumene". Mawu omaliza anena Aphunzitsi. Ine si anga.

Mwana wafika. Wafunsa ngati angapemphere. Ndati apemphere, koma mokweza, ndimve zimene akunena za ine. Trole yonditengera ku opaleshoni yafika.

Lachitatu, 19 Malichi

Ndilipo. Kupweteka. Chubu m'mphuno.

Lachinayi, 20 Malichi

Andibwezera pabedi 5. Adula masentimita 22, alumikiza, thumba lotulutsira chimbudzi pamimba silinafunike. Madzi supuni zitatu pa ola. Andiyendetsa mpaka pakhomo ndi kubwerera. Ndinatukwana, asisitala akuti ndiye kuti ndikuchira.

Pemphero la Lolemba ndikulikumbuka. Linali lalifupi. Sanapemphe kuti nditembenuke. Anati, "Awa ndi bambo anga, ndi ovuta, musawasiye." Sindikudziwa ngati anamva kwa Adalaivala kapena ndi mmene onse amanenera.

Loweruka, 22 Malichi

Achotsa chubu. Matumbo ayamba kugwira ntchito, wodi yonse yandiyamikira ngati ndabereka mwana. Kulemera 56, pa sikelo yoona. Adokotala aatali akuti pakatha masabata asanu ndi limodzi ndidzayamba mankhwala a m'diripi, maulendo asanu ndi atatu. Mwayi woti khansa isabwerere, asanu ndi awiri mwa khumi.

Mwana wamkulu wa Atelala anabwera dzulo. Analira pakhonde, kenako analowa n'kuwameta ndevu. Akazi a Abucha akuti ndi pemphero la Adalaivala. Ine ndikuti ndi foni ya asisitala. Koma sindikanafunsa katatu pakanapanda munthu uja ndi kuwerenga kwake. Ndalemba zonse ziwiri.

Lamlungu, 23 Malichi

Andilola kudya zofewa. Lachiwiri ndituluka.

Mwana wanga wabwera masana ndi nthochi. Ndinafunsa za ntchito ija, chifukwa sindikonda kuzungulira. Akuti apitabe, ntchito ndi yabwino ndipo anavomera kale. Koma wapempha kuti akayambe ndikamaliza ulendo wachiwiri wa mankhwala, ndipo azibwera kumapeto kwa mwezi uliwonse. Ndinafunsa kuti iyeyo kapena munthu wotumidwa. Anati, "Musandipute, bambo."

Anasenda nthochi n'kundipatsa. Ndinadya theka, mimba inakana. Ndinati aitaye. Anayang'ana uku ndi uku kufuna potayira, sanapeze. Anakoka mpando wachitsulo uja ndi phazi, unalira pasimenti mpaka Abucha anadzuka. Anakhala pansi n'kudya theka linalo.

Kenako anatenga kope ili pakabati, anatsegula tsamba la mizere, n'kuloza malo osalemba a bedi 6. Anafunsa kuti apa bwanji.

Ndinati sindikudziwa.

Anati, "Nenaninso."

Ndinanenanso. Anakhala mpaka belu la alendo linalira.